Oyilo wa njinga yamoto: wothira ndi uti, wosiya pashelefu ndi uti?

Mukaima pa kauntala ya shopu ya masipeyala ku Limbe kapena mumsika wa Ndirande n'kunena kuti mukufuna oyilo wa njinga, wogulitsa amafunsa funso limodzi basi: "Wa ndalama zingati, bwana?" Safunsa kuti njinga yanu ndi yanji, safunsanso ngati imagwira kabaza kapena imangokufikitsani kuntchito. Ndiye ambirife timasankha ndi thumba. Thumbalo sindikulinyoza ayi. Dziko lathu silikumba mafuta, siliyenganso, choncho kwacha ikagwa, ngati mmene inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo la oyilo silichedwa kukwera. Koma pashelefu imodzimodziyo pali mabotolo osunga injini zaka zambiri ndi ena okudyerani kilatchi mwezi usanathe, ndipo mtengo wokha sungakuuzeni kuti labwino ndi liti.

Zoyang'ana musanatulutse ndalama

Choyamba ndi kilatchi. M'galimoto, injini ili ndi oyilo wake, giyabokosi ili ndi wake, kilatchi imakhala youma payokha. M'njinga zadzaza m'misewu ya Blantyre zija, kaya Boxer, TVS, Lifan, Honda kapena zina za ku China za 125 ndi 150cc, oyilo mmodzi yemweyo, pafupifupi lita imodzi, amasenza ntchito zitatu. Amafewetsa injini, amatafunidwa ndi mano a magiya, komanso mapuleti a kilatchi amasambira mwa iye. Vuto ndi lakuti injini imafuna kuterera pamene kilatchi imafuna kuluma. N'chifukwa chake mu 1998 ku Japan anakhazikitsa muyezo wa oyilo wa njinga pansi pa dzina la JASO. Tembenuzani botolo, muyang'ane kumbuyo kwake. Pakalembedwa JASO MA kapena MA2, oyiloyo anayesedwa kuti kilatchi yonyowa imagwira bwino mwa iye. MA2 anabwera mu 2006 ndipo ndi amene amalumitsa kilatchi kwambiri. Pakalembedwa JASO MB, ameneyo ndi wa masikuta oyenda ndi lamba, amene kilatchi yawo simakhudzana ndi oyilo wa injini.

Chachiwiri ndi manambala aja, 20W-50 kapena 10W-40. Nambala yakutsogolo imanena mmene oyilo amathamangira injini ikadali yozizira: ikachepa, ndiye kuti amafika msanga kumutu kwa injini mukangoiliza. Nambala yakumapeto imanena kukhuthala kwake atatentha kufika madigiri 100. Kuno, ngakhale chiperoni chitavuta bwanji mu Juni ndi Julayi, madzi saundana m'ndowa, ndiye nambala yakutsogolo sitivutika nayo kwenikweni. Yakumapetoyo ndiye yathu. Njinga zathuzi zimazizira ndi mphepo, zilibe radiyeta. Mukatsekeka pamzere wa magalimoto pa Chipembere Highway madzulo a mu Okutobala, palibe mphepo yowomba injini. Mukamakwera chitunda cha ku Chilobwe pa giya yachiwiri, kumbuyo kuli mayi ndi thumba la chimanga, oyilo amakhala akuwira m'katimo, ndipo wopyapyala amasanduka ngati madzi. Komabe musaganize kuti wokhuthala kwambiri ndiye wabwino nthawi zonse. Boxer 150 amailembera 20W-50, pamene njinga zambiri za Honda zatsopano amazilembera 10W-30 chifukwa timipata ta m'kati mwake ndi tating'ono. Kabuku kobwera ndi njinga kaja, ngati simunayatsire mbaula, ndiko koyamba kufunsa.

Chachitatu ndi zilembo za API, muyezo wa ku America wa ubwino wa oyilo wa injini. S ndi wa injini za petulo, C ndi wa dizilo. Chilembo chotsatira chikamapita kutsogolo, SJ, SL, SM, SN, ndiye kuti muyezowo ndi watsopano. SL ndi wokwana kwa njinga zambiri za kabaza.

Chomaliza ndi chimene sichilembedwa pabotolo: kodi zili m'katimo ndi zimene chikunena chizindikiro? Ndipo mtengo muziwerengera pa mtunda umene oyilo ayende, osati pa botolo.

Oyilo wa mineral wa njinga, 4T 20W-50

Uyu ndi oyilo wamba, woyengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi n'kuwonjezeramo mankhwala. 4T ndi chizindikiro cha injini za njinga zambirizi, zimene oyilo wake amakhala mu injini osasakanizidwa ndi petulo. Mayina monga Castrol Activ, Shell Advance AX5 ndi ena a mtundu wa Hi-Perf wa TotalEnergies amagwera cha kuno, ngakhale ena mwa iwo amasakanizako pang'ono synthetic, oyilo wokonzedwa mwapadera m'fakitale kuti azipirira kutentha.

Mtengo: pa oyilo weniweni wa njinga, uyu ndiye wotsika kuposa onse.

Kupezeka: paliponse. Pamalo omwetsera mafuta, m'mashopu a masipeyala ku Limbe, ku Ginnery Corner, ngakhale ku Lunzu ndi ku Mpemba. Ichi si chinthu chochepa. Oyilo amene mungamupeze Lamlungu madzulo mulingo ukatsika ndi wothandiza kuposa amene muyenera kudikira Lolemba m'tauni.

Kasamalidwe: amafuna kusinthidwa pafupipafupi, chifukwa kutentha ndi magiya zimamufooketsa msanga. Mabuku a njinga amapereka mitunda yotalikirapo, koma amawerengera munthu woyenda pa tala wosalala yekhayekha. Pa ntchito ya kabaza, ya fumbi ndi kuima-ima, ine ndimati makilomita 1,500 mpaka 2,000 ndi okwanira. Werengani nokha: woyenda makilomita 100 patsiku amafika 1,500 m'masiku 15. Ndiye kuti kawiri pamwezi. Anyamata ambiri njinga zawo mita inafa kalekale, choncho ndi bwino kuwerenga masiku, monga tsiku loyamba ndi la pakati pa mwezi. Njinga zambiri zazing'onozi zilibe fyuluta ya pepala yosefera oyilo, zili ndi kasefa ka waya kokha. Tsukani kasefako ndi petulo nthawi iliyonse mukukhuthula oyilo. Amakaniko ena amakadumpha chifukwa chofulumira, inu imani pomwepo muone.

Chiopsezo: kumuchedwetsa. Mineral wokalamba amapanga matope akuda otseka timinjira topita kumutu kwa injini, ndipo mumayamba kumva kuti tyetyetye m'mavalavu. Chiopsezo china n'chakuti popeza ndi amene amagulidwa kwambiri, ndi amenenso akuba amakonda kumuonera n'kupanga wabodza.

Semi-synthetic, 10W-40 kapena 15W-50

Ndi wosakaniza: gawo lina mineral, gawo lina synthetic. Motul 5100 ndi Shell Advance AX7 ndi zitsanzo zodziwika. Palibe lamulo lokakamiza opanga kulemba kuti synthetic alimo wochuluka bwanji, ndiye mawu okongola a kutsogolo kwa botolo musawatengere kumtima. Werengani kumbuyo.

Mtengo: wokwererapo ndithu kuposa mineral, koma sufika pa wa synthetic weniweni.

Kupezeka: m'kati mwa Blantyre ndi Limbe mumupeza, makamaka pamalo akuluakulu omwetsera mafuta ndi kwa ogulitsa njinga zatsopano. Mukatuluka m'tauni, mwayi umachepa. Nthawi ya kusowa kwa ndalama zakunja amatha kusowa masabata angapo.

Kasamalidwe: amapirira kutentha kuposa mineral, ndipo magiya amalowa mofewa mpaka kumapeto kwa nthawi yake. Mutha kumuyendetsa motalikirapo, koma osati mtunda wowirikiza kawiri. Akatha panjira, kuwonjezeramo mineral wa njinga wa manambala oyandikana sikuononga kanthu. Amasakanikirana bwinobwino, kungoti mwachepetsa ubwino umene munalipira.

Chiopsezo: mu injini yotopa, yomwe maring'i ake a pisitoni anatha, 10W-40 amapsa msanga kuposa 20W-50. Mudzaona kautsi kabuluu ku ekizozi ndipo mulingo udzatsika musanayembekezere. Pa lita imodzi yokha, kutsika ndi kapu imodzi ndi nkhani yaikulu.

Synthetic weniweni

Motul 7100, Shell Advance Ultra ndi anzawo. Oyilo ameneyu ndi wabwino, palibe wokana. Satha msanga ndi kutentha, sasiya matope, amafika kumutu kwa injini mwachangu m'mawa. Funso ndi lakuti, kodi njinga yanu ingabweze ndalama imeneyo?

Mtengo: kawiri kapena katatu kuposa mineral. Ndiye masamu ake ndi osavuta. Ngati botolo limodzi likudya ndalama ya mabotolo atatu a mineral, liyenera kuyenda mtunda wa mabotolo atatuwo kuti mungofanana.

Kupezeka: mashopu owerengeka, ndipo mtundu umene munagula mwezi uno mwina simudzaupeza mwezi wamawa.

Kasamalidwe: apa ndi pamene masamu aja amakanika. Oyilo satha ndi kutentha kokha. Amadanso ndi fumbi lolowera ku fyuluta ya mpweya, timadontho ta petulo todutsa m'mbali mwa pisitoni, ndi tizidutswa ta mapuleti a kilatchi. Synthetic sachotsa zimenezi. Mu njinga yokhala ndi fyuluta ya pepala, zinyalalazo zimagwidwa ndipo oyilo amatha kuyenda mtunda wautali. Mu njinga ya kasefa ka waya, yoyenda m'fumbi la ku Machinjiri mu Seputembala, zinyalalazo zimangozungulira limodzi ndi oyilo wodulayo. Mudzakhuthula oyilo amene mphamvu zake zikadalipo, kapena mudzamusiya n'kumapera injini ndi mchenga.

Chiopsezo: anthu amati synthetic amaboola injini n'kuyambitsa kudontha. Zoona zake n'zakuti amatsuka matope amene ankatseka pamene masilo, timphira totchinga oyilo kuti asadonthe, anatha kale, ndiye kudontha kumene kunabisala kumaonekera. Chiopsezo chenicheni ndi mtima wa munthu: wagula chodula, ndiye akuiwala kuyang'ana mulingo. Samalaninso kuti ndi synthetic wa njinga wa JASO MA, osati wa galimoto.

Oyilo wa galimoto ndi wa dizilo

Apa ndili ndi mlandu wanga. Chaka china alamu anga anasintha oyilo wa galimoto yawo n'kunditsalira ndi lita ndi theka m'chigubu, 5W-30 woyera bwino, wa dzina lalikulu. Ndinati ndapulumutsa ndalama. Masiku awiri oyamba njinga inkayenda ngati yatsopano. Tsiku lachitatu ndikukwera chitunda cha ku Bangwe nditanyamula mnzanga, ndinakoka mafuta, injini inalira kuti vuuu, koma liwiro silinasinthe. Phokoso lokwera, njinga ili pomwepo. Mnzangayo anatsika n'kumaliza chitundacho wapansi, akundiseka.

Makaniko wachikulire amene ndinapitako anatsegula pothirira oyilo, anaviika chala, n'kupekesa ndi chala chinzake.

"Mwathira chiyani umu, achimwene?"

"Oyilo wabwino, madala. Wa galimoto ya alamu anga."

"Eetu, wabwino kwa galimoto ya alamu anuwo."

Tinakhuthula, tinathira 20W-50 wa njinga, koma mapuleti anali atapsa kale, osalala ngati mbale. Ndalama ya mapuleti atsopano ndi ya makaniko inaposa kutali botolo limene ndinkalithawa.

Chimene chinachitika ndi ichi: oyilo wa magalimoto amakono, makamaka wopyapyala monga 0W-20 ndi 5W-30, amathiramo mankhwala owonjezera kuterera kuti galimoto isamwe petulo wambiri. Nthawi zambiri pa chidindo chozungulira cha API pamalembedwa Energy Conserving kapena Resource Conserving. Mankhwala amenewo ndi amene amatereretsa kilatchi.

Mtengo: nthawi zambiri ndi wotsika pa lita, makamaka mukagula chigubu cha malita asanu.

Kupezeka: kuposa wina aliyense. Pamene pali minibasi kapena chigayo cha dizilo, oyilo ameneyu alipo.

Kasamalidwe: sanapangidwe kuti azitafunidwa ndi magiya, ndiye amapyapyala msanga. Musamusunge nthawi yaitali.

Chiopsezo: sichofanana kwa onse, ndipo apa ndisawaikire mlandu umodzi. Wopyapyala wa magalimoto a petulo amakono ndiye woopsa ku kilatchi. Wa dizilo wa 15W-40 nthawi zambiri alibe mankhwala otereretsa aja, ndipo alipo ena mwa iwo amene amalembedwanso JASO MA. Alipo amene amayendera ameneyu popanda vuto. SAE 40 wa nambala imodzi, wokondedwa ndi a minibasi zakale, satereretsa kilatchi, koma m'mawa wa mu Julayi amakhala ngati uchi, amachedwa kukwera kumutu kwa injini, ndipo kuliza kulikonse kumadyako pang'ono kamushafuti. Ambiri a SAE 40 amakhalanso a muyezo wakale wa API, wa mankhwala ochepa.

Oyilo wopungula

Uyu ndi woyeza kuchokera m'dilamu kapena m'chigubu chotsegula kale, n'kukuthirirani m'botolo lomwera madzi.

Mtengo: wotsika kwambiri, ndipo mutha kugula theka kapena kota ya lita. Kwa mnyamata amene madzulo ayenera kupereka ndalama ya bwana, kugula ndiwo ndi kusiya ya petulo wa mawa, ichi ndi chokopa chenicheni. Sindimuweruza.

Kupezeka: m'mbali mwa misewu ndi m'misika yambiri.

Kasamalidwe: palibe chimene ndingakuuzeni, chifukwa simudziwa chimene mwathira. Palibe manambala, palibe JASO, palibe API.

Chiopsezo: alipo ogulitsa oona mtima amene amapungula oyilo weniweni wa m'dilamu. Koma ngakhale iwowo, dilamu lotsegula limalowa fumbi ndi chinyezi, ndipo faneli imakhala pansi tsiku lonse. Alipo ena amene amatolera oyilo wakale m'magalaja, kumusefa, kumudikira kuti zinyalala zikhale pansi, n'kumugulitsa ngati watsopano. Maso sangasiyanitse nthawi zonse, ngakhale kafungo kopserera ndi tizinyalala pansi pa botolo zimaulula. Oyilo wotere mankhwala ake anatha kale. Injini siinoka tsiku lomwelo ayi. Imanoka patapita miyezi, mwiniwake n'kumati njinga za masiku ano n'zosalimba.

Wabodza amabweranso m'botolo la dzina. Yang'anani kamphete ka pa chitsekerero ngati sikanadulidwe n'kumatidwanso, kapepala kasiliva kotseka pakamwa pa botolo, nambala ndi tsiku lopangira, ndi zilembo ngati zasindikizidwa moyera. Botolo la dzina lalikulu logulitsidwa pa theka la mtengo wa pamalo omwetsera mafuta, lisiyeni. Ndipo mukathira oyilo wanu, boolani botololo musanalitaye, kuti lisakadzazidwenso. Oyilo wakudayo musamukhuthulire m'ngalande. Mvula ikagwa amakathera mu mtsinje wa Mudi. Musungeni m'chigubu chotseka, ndipo sambani m'manja ndi sopo, chifukwa kukhudzana naye kawirikawiri si kwabwino pakhungu.

Mawu pang'ono kwa eni Yamaha DT125 ndi AG100, zija timaziona ndi alangizi a zaulimi: injini zanu ndi za 2T. Oyilo wake amapsa limodzi ndi petulo ndipo ali ndi kathanki kakekake. Yang'anani JASO FB, FC kapena FD, ndipo FD ndiye wa utsi wochepa ndi wotsuka bwino. Giyabokosi yanu ili ndi oyilo wina payokha. Botolo la 2T lisalowe mu injini ya 4T, ngakhale wogulitsa atati zonse ndi za njinga.

Ndiye ndani athire uti?

Wa kabaza wa Boxer, Lifan kapena njinga ina ya 125 ndi 150cc, woyenda tsiku lonse pakati pa Ndirande, Mbayani ndi Chirimba: mineral 20W-50 wa JASO MA, botolo losatsegula, kusintha kawiri pamwezi, kasefa kutsuka, mulingo kuyang'ana m'mawa uliwonse njinga itaima chilili pamalo osalala. Ndalama imene mukanawonjezera pa synthetic, gulirani fyuluta ya mpweya yatsopano, idzakuthandizani kwambiri.

Mwini njinga amene mwapatsa mnyamata kuti aziyendetsa: gulani oyilo nokha ndipo mukhalepo pothira. Mukangopereka ndalama ya sevisi m'manja, mwamuika mnyamatayo pa mayeso amene wopungula uja amapambana kawirikawiri.

Wa njinga yatsopano: tsatirani manambala a m'kabuku, akati 10W-30 thirani 10W-30, ndipo oyilo woyamba mukhuthule msanga, cha pa makilomita 500 mpaka 1,000 monga kabuku kanenera, chifukwa amakhala ndi tizitsulo ta injini imene ikuzolowerana. Ngati pali chitsimikizo cha ogulitsa, sungani malisiti.

Wopita kuntchito ndi kubwerera, kuchokera ku Chilomoni kapena Zingwangwa kukafika m'tauni: makilomita anu ndi ochepa, koma maulendo aafupi satenthetsa injini mokwanira kuti chinyezi chituluke mu oyilo. Semi-synthetic 10W-40 akukwanirani, ndipo muzisintha pakatha miyezi isanu ndi umodzi ngakhale mita ikuti simunafike.

Wotsika kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40, n'kukweranso phiri la ku Thabwa ndi katundu: nambala yakumapeto ikhale 50 ngati kabuku kakulola. Apa semi-synthetic 15W-50 amabweza ndalama yake. Wa njinga yaikulu ya 250cc kupita m'mwamba, yokhala ndi fyuluta ya pepala, ndiye amene synthetic weniweni anamupangira.

Wa injini yotopa yotulutsa utsi: mineral 20W-50, kuwonjezera pafupipafupi, uku mukusunga ya maring'i. Palibe oyilo wobwezeretsa chitsulo chimene chinadyeka. Wa sikuta: JASO MB, kapena zimene kabuku kanena. Amene mwaoloka madzi osefukira nthawi ya dzinja n'kupeza oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Musayendenso, khuthulani, thirani wotchipa wa njinga, lizani mphindi zochepa, khuthulaninso.

Ndipo usiku ukakupezani panjira ya ku Zalewa, mulingo uli pansi, oyilo wa njinga palibe: pakati pa 5W-30 wa galimoto, wopungula wa m'botolo la madzi ndi 15W-40 wa dizilo wosatsegula, tengani wa dizilo. Thirani mpaka pa mzere, yendani mosathamanga, mukafika ku Blantyre m'mawa mwake mukhuthule.